Unasowa liti kuti lero udzipeze?

Makalata a amuna osagona pakhomo ndi a apongozi olowa kukhitchini osaodira adikire kaye mwezi uno. Sathawa, ndipo eni nkhanizo sasintha. Lero ndatola iyi chifukwa ndi yoyamba pakhonde pano kubwera ndi vuto la mapepala.

Okondedwa Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 28, kwathu ndi ku Dedza koma ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale ku Lilongwe. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikulemba buku la nkhani yopeka m'Chichewa, loyamba m'moyo wanga. Ndinayambira m'makope a ana asukulu mpaka anakwana asanu ndi limodzi, kenako ndinalitayipa pa laputopu yobwereka, usiku, magetsi akakhalapo.

Ndisakubisireni, ndinalemba ndi mkwiyo. Amayi anga anamwalira ndili ndi zaka 9, bambo n'kukwatira mkazi wina amene anatilera ine ndi mchimwene wanga pamodzi ndi ana atatu amene anabereka pambuyo pake. Mayi ameneyu ankakiyira shuga m'kabati, kiyi n'kumangirira kunsonga ya chitenje. Nyama ankagawa yekha, nthuli zowerenga. Sopo ankadula ndi mpeni, aliyense kachidutswa kake ka mlungu wonse. Ndili Fomu 2 ndinalumbira kuti tsiku lina dziko lidzadziwa. M'bukumo ndinamutcha Nangozo, ndipo ndinakonza zoti kumapeto achite misala, aziyenda mumsika akutola zinyalala.

Zinthu zinasokonekera pa mutu 14. Nkhani inafuna kuti Nangozo akhale yekha usiku ana atagona, ndiye ndinayenera kulemba zimene ankaganiza. Ndinamukhazika pamphasa, koloboyi ali pambali, akuwerenga masupuni a shuga otsala m'paketi n'kumagawa ndi masiku otsala kuti mwezi uthe. Nditamaliza tsamba limenelo ndinalira mpaka tambala woyamba, osadziwa kuti ndikulirira ndani.

Patangopita masiku awiri, nditaweruka, mwana wa msuweni wanga amene ndikumusunga anandifunsa kuti, "Anti, kiyi wa kabati munaika pati? Phala ndamwa lopanda shuga." Azakhali, kiyiyo anali m'chikwama changa. Ndinapita naye kuntchito.

Kuyambira tsiku limenelo cholembera chakana. Misala ija sindingathenso kumupatsa Nangozo. Anzanga a m'gulu la olemba akuti ndisadandaule, akuti kumeneko ndiye kudzipeza. Kuwonjezera apo, mchimwene wanga anajambula masamba awiri n'kuponya pa gulu la WhatsApp la banja, ndipo amayi aja amva. Sananene kanthu, angosiya kuyankha moni wanga. Bambo akuti nkhani za akazi iwo sizikuwakhudza. Palinso mkulu wina wa makina osindikizira amene akuti ndimupatse ndalama za mabuku 1,000 mwezi uno mapepala asanakwere mtengo.

Ndilitenthe bukuli, kapena ndilitulutse mmene ndinakonzera poyamba?

Ine wanu,
Mlembi Wosowa Tulo, Lilongwe

Mwana wa achimwene anga,

Choyamba, pepa. Sindinadziwe kuti unasowa. Pa wailesi sitinamve chilengezo, kwa amfumu sikunafike uthenga, apolisi nawo sanabwere kudzatifunsa kuti unavala zotani tsiku lomaliza kukuona. Koma poti anzako ophunzirawo akuti wadzipeza, tithokoze Mulungu. Kwathu kuno munthu wosowa akapezeka timamuphera nkhuku. Ubwere nayo, ndidzakuphikira.

Ife osapita patali ndi sukulu zimene zakuchitikirazi timazitchula mosavuta. Unakatchera diwa kuti uphe mbewa, diwalo lakugwera chala. Zaka zitatu ukuloza chikundu cha nyani mnzako, lero watembenuka waona chako, chofiira chimodzimodzi.

Ndipo kiyi m'chikwama! Amayi ako aja ankangomangirira pachitenje, mwana wochenjera ankatha kudikira agone tulo ta masana pakhonde n'kumasula pang'onopang'ono. Iwe wakwera naye minibasi, wadutsa naye m'tauni, walowa naye m'kalasi n'kumaphunzitsa ana a eni za chikondi cha m'ndakatulo, mwana kunyumba akumwa phala losakoma. Wophunzira waposa mphunzitsi wake. Sindikukuweruza ayi. Ndi mmene shuga wakhala akusowera ndi kukwera mtengo zaka zino, wanganso amagona kuchipinda, pafupi ndi Baibulo. Kusiyana kwake n'kwakuti ine sindinalembe buku lonyoza anzanga okiya makabati.

Machesi asiye pomwe ali. Ukawotcha bukuli uwotcha ndi tsamba limodzi lokhalo limene walemba bwino chiyambire. Mitu 13 yoyambayo, mwana wanga, sunali kulemba buku. Unali kulemba chisamani. Unali wodandaula, mboni, woweruza ndi msilikali wa kundende, wekha, ndipo woimbidwa mlandu sunamupatse mpata ngakhale wotsokomola. Zoterozo wowerenga amatopa nazo pofika tsamba 20. Mfiti ya mayi wopeza tonse tinaimva kale m'nthano za agogo, pamoto, ndipo agogowo ankaikamo ndi nyimbo yoti tizivomera. Koma mkazi wokhala yekha ndi koloboyi, akuchita masamu a masupuni, ameneyo sindinamuwerengepo, ndipo ndingalipire ndalama yanga ya ndiwo kuti ndimuwerenge.

Ndikuuze kumene ine ndinaphunzirira zimenezi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, amuna ambiri a m'mudzi mwathu anali ku migodi ya ku South Africa kudzera ku TEBA, ndipo ine, mtsikana wa Sitandade 7 wolemba mooneka bwino, ndinali mlembi wa akazi awo. Malipiro anali dzira, nthawi zina chinangwa chootcha. Tsiku lina mayi wina anandikhazika kuseri kwa nkhokwe, nati, "Lemba kuti kuno tonse tili bwino. Lemba kuti mbuzi ija yaswa awiri. Lemba kuti denga likudontha pang'ono chakumutu kwa mphasa." Anakhala chete nthawi yaitali, akukanda pansi ndi kamtengo. Kenako anati, "Lemba kuti mwana wayamba kuyenda. Basi, tseka." Mwanayo anabadwa bambo ake atapita kale. Ine ndi nzeru zanga za Sitandade 7 ndinaona kuti kalatayo ikuperewera mchere, ndiye ndinawonjezera ndekha kuti, "Ndakusowani kwambiri." Powawerengera kuti amve, anandigwira dzanja mwamphamvu. "Fufuta! Wakuuza ndani zimenezo? Akawerenga za dengalo adziwa okha."

Ndinafufuta ndi malovu mpaka pepala linabooka. Mpaka lero ndikawerenga buku limene mlembi akundiuza kuti uyu ndi woipa, uyu ndi wachisoni, uyu akukonda, ndimamva dzanja la mayi uja pamkono panga. Iwe pa mutu 14 walemba za denga. Bwerera ku tsamba loyamba ukafufute malo onse amene unalemba "ndakusowani kwambiri".

Usandimve molakwa. Sindikuti Nangozo umuveke mapiko. Mwana wa zaka 9 amene waika amayi ake m'manda, n'kulandira kachidutswa ka sopo m'malo mwa munthu womufungatira, ululu wake si wopeka. Zimene unamva unazimvadi, ndipo zikhale m'bukumo mmene zinalili, nthuli zowerengazo, maso amene ankakutsata ukayandikira kabati, zonse. Munthu atha kukulera n'kukupweteka ndi dzanja lomwelo. Chimene ndikukana ndi misala ya mumsika ija. Imeneyo si mathero a nkhani, ndi mwala umene unatola uli Fomu 2 ndipo wakhala ukuyenda nawo m'thumba la diresi. Cholembera chakana chifukwa chili ndi nzeru kuposa mwini wake. Werenganso kalata yako: pamwamba ukuti "mayi ameneyu", pofika pansi asanduka "amayi aja". Dzanja lako linagwada kale iwe usanadziwe.

Tsopano tiye ku nkhani imene sunandifunse.

Bambo ako ali kuti m'bukumo? M'kalata yako aonekera kawiri kokha: akukwatira, ndiponso akunena kuti nkhani za akazi sizikuwakhudza. Ndikubetchera chitenje changa chatsopano kuti m'mitu 14 yonseyo akhala pakhonde, wailesi pakhutu, akumvera mpira wa Bullets ndi Wanderers, ndipo ukawadutsitsa pa tsamba umayenda monyang'ama kuti ungawasokoneze. Ine ndine azakhali, mlongo wa abambo, amuna a mtundu wathu ndinakula nawo mbale imodzi. Nyumba imene shuga amafuna kiyi, funso loyamba si lakuti kiyi ali ndi yani. Funso ndi lakuti malipiro ankathera kuti. Mwina anali ochepa basi, ndipo bambowo ankagona osatseka maso ngati mkazi wawo. Mwina ankatsalira panjira, pamalo pamene iwe ndi ine tikupadziwa. Nanga pamene sopo ankadulidwa ndi mpeni, iwo ankasamba ndi chiyani? Nanga amalume ako, eni mbumba, anali kuti pamene ana a mlongo wawo ankaleredwa ndi mkazi wa eni? Tenganso pensulo uwerengere kuti amayi okupezawo analowa m'nyumba imeneyo ali ndi zaka zingati. Usadabwe ukapeza kuti anali aang'ono kuposa iwe lero, n'kupatsidwa ana awiri olira maliro amene sanawabereke, amene ankawayang'ana ngati alowa m'nyumba mwakuba. Iwe mwana mmodzi yekha wa msuweni wakuthamangitsa ndi kiyi mpaka kuntchito.

Usachotse ufiti pa mayi n'kukauika pa bambo, kumeneko ndi kusamutsa chisamani chabe. Ndikungoti munthu amene sukufuna kumulemba ndi amene bukulo likumudikira. Mayi wopeza ndi wosavuta kumukwiyira, si magazi ako. Kulemba bambo wokubala, amene unkamuthamangira kukamulandira chikwama, akuyang'ana kumbali pamene iwe ukulira, pamenepo ndiye udziwe ngati ndiwe mlembi kapena wokwiya wodziwa kutayipa. Ndipo kamtsikana ka m'bukumo, kamene ndikudziwa kuti ndi iwe ngakhale wakapatsa dzina lina, kanali koyera ngati ufa woyera masiku onse? Sikanabepo shuga n'kunamizira mwana wa mayiyo? Sikananenepo kuti "si inu amayi anga" pamaso pa alendo? Ndangofunsa.

Za mantha a pa WhatsApp zandiseketsa mpaka mdzukulu wanga wabwera kudzaona ngati ndili bwino. Jack Mapanje anatulutsa buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, mu 1981, boma linalichotsa m'masitolo ndi m'masukulu, mu 1987 anamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991. Olemba a nthawi imeneyo ankaopa Censorship Board ndi kugogoda kwa pakati pa usiku. Iwe ukuopa gulu la anthu amene ntchito yawo ndi kutumizirana zithunzi za maluwa m'mawa ndi kukumbutsana za chopereka cha maliro. Adzalankhula mlungu umodzi, kenako wina adzatenga mimba, iwe n'kuiwalika.

Komabe ulemu usautaye, ndipo lamulo liliponso: munthu ukamuipitsira mbiri mooneka kuti ndi iyeyo, atha kukutengera kukhoti. Ndiye bisa mwanzeru. Ndikukayika kwambiri dzina lakuti Nangozo. Mtima ukundiuza kuti amayiwo ndi Nangondo, wasintha zilembo ziwiri n'kumadziyamikira kuti wabisa. Sintha boma, sintha mpingo, sintha chiwerengero cha ana, chipsera chili pachipumi chipite pamwendo. Kabati ndi kiyi zisiye, zimenezo zili m'nyumba iliyonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, palibe angaziloze kuti ndi zake. Mchimwene wakoyo usadzamupatsenso chowerenga, ngakhale lisiti ya kuchigayo.

Mkulu wa makinayo umuuze kuti azakhali akuti apume. Mapepala akhala akukwera mtengo chibadwire ine, ndipo adzakwerabe buku lako litatha. Dziwa kuti pali anthu awiri amene tonse timangowatcha osindikiza. Wina ali ndi makina basi: umupatsa ndalama, akudindira chilichonse chimene wabweretsa, zolakwika ndi zonse, sawerenga ngakhale mzere umodzi. Wina ndi kampani yofalitsa mabuku, imene ili ndi mkonzi wowerenga, wokana, wokubwezera kuti ukakonzenso, ndipo ikavomera imadziwa njira yofikitsira buku m'masitolo ndi m'masukulu. Woyambayo amakusekerera tsiku loyamba. Wachiwiriyo amakukwiyitsa chaka chathunthu. Mwana wa mnansi wanga anasankha wosekerera uja, anagulitsa njinga yamoto, anachita mwambo wokhazikitsa buku ndi nyimbo ndi zakumwa, achibale tinagula khumi ndi awiri mwaulemu. Makatoni otsalawo analowa pansi pa bedi, ndipo amene anawerenga bukulo kuyambira chikuto mpaka chikuto ndi chiswe. Ngati udzasankhe kudzilipirira wekha, palibe tchimo, ambiri akutero masiku ano, koma yamba ndi ochepa oti ukhoza kuwanyamula pamutu, ndipo mkonzi umulipire kaye usanalipire makina.

Ukuthamangira kuti? Legson Kayira ananyamuka kwawo kumpoto mu 1958, wapansi, mpaka anakafika ku Khartoum pofuna sukulu ya ku America. Za moyo wake anazilemba poyera mu I Will Try mu 1965, ndipo buku lake loyamba la nkhani yopeka, The Looming Shadow, linatuluka mu 1967, atatula kale katundu wa mumtima m'buku linalo. Walije Gondwe, amene amatchulidwa kuti ndi mayi woyamba wa ku Malawi kutulutsa buku la mtundu umenewu, anabadwa mu 1936, ndipo Love's Dilemma, m'gulu la mabuku a Pacesetters aja tinkabisa m'kati mwa buku la masamu, inatuluka mu 1985. Werengera wekha zaka zake. Iwe pa 28 ukuona ngati basi ikukusiya.

Chimene chandikondweretsa n'chakuti walemba m'Chichewa. Uli pa mzere wautali. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi ngati iwe, anatulutsa Nthondo mu 1933, ndipo chaka chotsatira bukulo linamasuliridwa m'Chingerezi ndi Cullen Young. Pambuyo pake kunabwera a Gwengwe ndi Sikusinja ndi Gwenembe, a Zingani ndi Njala Bwana, a Ntaba, a Kamthunzi. Ena mwa mabukuwa ukuwadziwa ngati a mayeso basi. Awerengenso tsopano ngati munthu wa ntchito imodzi ndi iwowo, uone mmene ankayankhulitsira anthu awo. Ndipo poti ndi Chichewa usaganize kuti kalembedwe ndi kaulere. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba ukhale patebulo. Ndatopa ndi mabuku amene tsamba limodzi alemba "mmudzi", lotsatira "m'mudzi", lachitatu "mu mudzi", ngati alemba anthu atatu okangana.

Ukalembanso, ndipo ulembanso kawiri kapena katatu, upeze wowerenga amene sakukonda. Anzako a "wadzipeza" aja ndi abwino pa tiyi. Ukufunika mphunzitsi wa Chichewa wopuma pantchito, wa magalasi ochindikala, amene amayamba wapeza cholakwika asanakupatse moni. Funsa ku Malawi Writers Union akulozere anthu otero, ndipo za umwini wa ntchito yako ukafunse ku COSOMA usanayambe kumwaza masamba m'mafoni a anthu. Uwerengenso mokweza mawu onse amene anthu a m'bukumo akuyankhula. Pamene lilime lako lapunthwa, munthu wamoyo sayankhula choncho.

Koma zonsezi ndi za mawa. Pali mayi ku Dedza amene wawerenga masamba awiri, ndipo ndikudziwa kuti mchimwene wakoyo sanajambule tsamba la koloboyi. Anasankha pamene pakuwawa. Mayiyo pano akudziwa kuti mwana amene anamuchapira mayunifolomu zaka zonse zija wamulemba ngati chilombo, ndipo sakudziwa kuti mwana yemweyo anamulirira usiku wonse. Foni siingathe nkhani imeneyi. Upite wekha. Ukafika usakhale pampando ngati mlendo wa boma, ukhale pamphasa, uthandize kusadzula masamba kapena chilichonse chimene uwapeze akuchita. Kope ulisiye ku Lilongwe, sukupita kukafufuza. Za buku usayambe ndiwe. Dzuwa likapendeka, uwauze nkhani ya kiyi wa m'chikwama mmene wandiuzira ine, osakometsera, kenako ufunse kuti, "Amayi, munkatha bwanji ndi ana asanu?"

Mwina aseka mpaka misozi. Mwina akuuza zinthu za bambo ako zimene sunakonzeke kumva. Mwina angodzuka n'kukalowa m'nyumba, ndipo ubwerera wopanda yankho. Ufulu umenewo ali nawo, ndipo sukupita kukapempha chilolezo cholembera, bukulo ndi lako. Ukupita chifukwa munthu amene wamugwiritsa ntchito zaka zitatu osamulipira ayenera kuona nkhope yako asanaone chikuto.

Loweruka lino kwera basi ya m'mawa. Unyamule shuga mapaketi awiri ndi sopo wamtanda wosadula. Ndipo usanatuluke pakhomo, kiyi uja umusiyire mwanayo patebulo.

Ndine,
Azakhali ako